Amene Ankaima Kumbuyo Kwanga

Ndalama zofupa ankamata pachipumi panga ine.
Thukuta linali ulimbo.
Palibe mayi ngakhale mmodzi wa ku Khombedza
amene anazungulira sipika ija
kukafika pomwe unkaima iwe, Labisoni,
mutu chozolika, ndudu yozima kukhutu,
kachala kako kopindika kaja,
kamene kanathyoka ndi sipanala,
kakuthamanga pansambo ngati kakuthawa ngongole.

Masana unali wokonza njinga
pansi pa mthethe, moyang'anana ndi msika wa thonje.
Waya wa buleki akaduka mwini njinga ankatukwana,
iwe n'kumasekera m'mimba:
nsambo yachitatu yapezeka.
Unkamusenda ndi mpeni, kaulusi kamodzikamodzi,
n'kumukunga mpaka alire mawu
amene iwe wekha unkadziwa kwawo.

Sunaphunzire kwa munthu.
Unkati unamvera sitima ya katundu
ikamachoka pa Chipoka usiku,
ndi lichero la amayi ako popeta mpunga wa ku Lifuwu,
kwinako unangolumikiza.
Ine ndinkaseka.
Ndinali ndi jekete yofiira,
ndinkayesa kuti nyimbo imakhala pakamwa.

Paukwati wa mwana wa a Mdalangwa ku Thavite
jenereta inatha mafuta nyimbo ili pakati.
Mawu anga anagwa pansi, phi!
Anthu anayamba kuitana ana awo mumdima.
Iwe sunaleke. Unasolola chingwe,
n'kukhala pa kireti yopanda mabotolo,
ndipo gitala youma ija
inayenda pakati pa mabenchi pang'onopang'ono
ngati munthu wofuna m'bale wake m'chipatala,
bedi ndi bedi.
Mkwatibwi analira mpaka paudala inasungunuka.
M'mawa mwake pachigayo ankati,
"Koma Dikisoni dzulo anaimba!"
Dikisoni ndine.
Sindinawakonze.

Kenako kunabwera mnyamata wa ku Lilongwe
ndi kompyuta m'chikwama.
Anakugulira chipisi ndi botolo limodzi,
n'kukujambula tsiku lonse kuseri kwa golosale.
Lero nsambo zako zikulira
m'minibasi iliyonse yopita ku Dwangwa,
pansi pa mawu a mwana wovala magalasi akuda usiku.
Kondakitala amaimba mluzu
motsatira kachala kako kopindika kaja,
uku akukugunda paphewa:
"Sunthani mdala, timakhala anayianayi."

Si iwe wekha, ndikudziwa.
Kuli Twaibu wa ku Benga, wamanzere,
amene ankagwira gitala chadodolido
ikumveka bwino kuposa yoongoka.
Pano amalondera sitolo ya feteleza,
amagogoda chibonga pabondo kudikira kuti kuche.
Kuli Esinati Nangondo,
ankaimba besi m'tchalitchi cha malata kuseri kwa depoti
mpaka mwamuna wake anati
mkazi sakumbatira chinthu pagulu.
Yake ili pamwamba pa kabati,
mavu amangamo nyumba, akuimba okha.

Fufuzani pa zikuto za makaseti athu onse,
ngati alipo amene anawasunga.
Pachikuto pankakwana nkhope imodzi yokha
ndipo nkhopeyo inali yanga,
itapendekeka, dzanja lili pachibwano.

Dzulo ndinabwera ndi njinga yanga pamthethe paja.
Inalibe vuto;
tayala ndinachita kuphwetsa ndekha pamlatho.
Unalipopa osandifunsa kanthu.
Zala zako zatupa m'mfundo, nyamakazi yalowa,
ndudu ikadali kukhutu komwe kuja.
Ndinafuna kunena zonsezi,
koma pakamwa pomwe pankadya ndalama paja
panauma gwa.
Ndinangofunsa za mvula.

Iwe unakodola waya wa buleki yakumbuyo ndi chikhadabo,
n'kutchera khutu,
maso ali psii.
"Watsika pang'ono ameneyu," unatero.
Ndipo unamukunga.